Phunziro la Zaumoyo: Kodi Mapiritsi Owonjezera Michere Amachiritsa Nyamakazi?

M'misika ndi m'mabasi, ngakhalenso pa WhatsApp, mwachuluka ogulitsa mapiritsi ndi ufa zimene amati zimachotsa ululu wa m'mawondo, m'chiuno ndi m'zala. Ogula ambiri ndi okalamba, ndipo ena amathera pamenepo ndalama za Mtukula Pakhomo kapena za zokolola. Musanatulutse ndalama, nzika za m'mawodi athu, taonani zimene madokotala apeza.

Choyamba, nyamakazi ili mitundumitundu. Yofala kwambiri imabwera pamene mnofu woterera wokuta nsonga za mafupa waperepeseka chifukwa cha ukalamba, ntchito yolemetsa, kuvulala kapena kunenepa. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali ndi mtundu umenewu, ndipo ambiri mwa iwo anali amayi. Mtundu wina umayamba pamene chitetezo cha m'thupi chikulimbana ndi mfundo za thupi lomwelo, ndipo umafuna mankhwala a kuchipatala msanga, zala zisanapindike. Palinso gauti, imene imadza asidi wina akachuluka m'magazi. Botolo limodzi silingathetse matenda atatu osiyana chonchi.

Chachiwiri, phindu la mapiritsiwa ndi lochepa. Otchuka kwambiri ndi glucosamine ndi chondroitin. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa GAIT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006, anayeza odwala mawondo 1,583. Anapeza kuti, potengera gulu lonse, mapiritsiwa sanachepetse ululu kuposa mapiritsi opanda mankhwala. Mafuta a nsomba amathandizako pang'ono pa nyamakazi yoyamba ndi chitetezo cha m'thupi, koma salowa m'malo mwa mankhwala a dokotala. Palibe piritsi lodziwika limene limameretsanso mnofu umene unatha.

Chachitatu, ena mwa mapiritsiwa ndi oopsa. Mu 2022 bungwe la FDA ku America linachenjeza kuti mapiritsi otchedwa Artri King, amene ankagulitsidwa ngati achilengedwe, anali ndi diclofenac ndi dexamethasone zosalembedwa pabotolo. Mankhwala oterewa amaziziritsa ululu msanga, n'chifukwa chake wogula amakhulupirira kuti wachira. Koma akamwedwa nthawi yaitali, diclofenac amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, pamene dexamethasone amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amatupitsa nkhope ndiponso amafooketsa mafupa. Kuno kwathu, bungwe la PMRA ndilo limayang'anira mankhwala ndi malo ogulitsirako, choncho gulani m'mafamase ovomerezeka okha.

Nanga chothandiza n'chiyani? Kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse kumalimbitsa minofu ya m'ntchafu imene imachirikiza bondo. Kwa onenepa, kuchepetsa kilogalamu imodzi kumapeputsa katundu wa pabondo ndi makilogalamu pafupifupi anayi pa sitepe iliyonse. Usipa, matemba ndi bonya zodyedwa ndi minga yake zimapereka kashiamu, monganso bonongwe, chisoso ndi mawere, ndipo dzuwa limathandiza khungu kupanga vitamini D. Zakudya zimenezi sizichiritsa nyamakazi, koma zimasunga mafupa olimba pa mtengo wotsika. Ndodo yoyendera ndi kugawana ntchito yosenza madzi ndi nkhuni zimapumitsanso mawondo a agogo athu.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mfundo yatupa, yatentha ndipo thupi likutentha. Pitaninso ngati zala zimauma kupitirira ola limodzi m'mawa, kapena msana ukupweteka kwinaku mukuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, pakuti TB imagwiranso mafupa. Amene mukumwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi musawasiye, ndipo botolo lililonse limene mwagula lionetseni kwa achipatala.

Khonsolo ikupempha mafumu, makhansala ndi makomiti a VDC ndi ADC kuti akambirane phunziroli pa misonkhano yawo, ndipo aitane alangizi a zaumoyo kudzayankha mafunso a anthu.