Musanalowetse Dzina Ngakhale Limodzi mu CRM

Tsiku lina abwana adzakuitanani mu ofesi n'kukuuzani kuti kampani yagula pulogalamu ya CRM yosungira mbiri ya makasitomala, ndipo poti inu ndinu wachinyamata wodziwa kompyuta, mulowetsemo makasitomala onse lisanafike Lachisanu. Musathamangire kuvomera. Yankhani mwaulemu, koma pemphani nthawi, ndipo pemphaninso kuti akuloleni kuitanitsa msonkhano wa a malonda, a akaunti ndi oyang'anira katundu. Kulowetsa fayilo m'pulogalamu ndi ntchito ya mphindi zochepa. Imene imadya masabata ndi yogwirizanitsa anthu amenewa pa funso looneka ngati lachibwana: kodi kasitomala wathu ndi ndani?

Kaya mwagula Salesforce ya ku America, Zoho ya ku India, Odoo ya ku Belgium kapena Dynamics 365 ya Microsoft, palibe imene imabwera ikudziwa makasitomala anu. Zimene mudzaikemo poyamba, zimene anthu a ntchitoyi amati master data, ndi zinthu zosasintha tsiku ndi tsiku: makasitomala, anthu olankhula nawo, katundu wogulitsa, mitengo, madera ndi ogulitsa anu. Maoda, ngongole ndi madandaulo zidzabwera pambuyo n'kutsamira pamenepo. M'mera mpoyamba. Oda yolakwika imakonzedwa mawa lake, koma sitolo ikalowa kawiri, chaka chisanathe imakhala ndi mbiri ziwiri, ngongole ziwiri, ndi ogulitsa awiri okanganirana komishoni.

Tiyerekeze kuti kampani yanu imapikulitsa katundu kwa eni masitolo. Pali kasitomala wamkulu amene likulu lake lili ku Blantyre, koma katundu amalandirira ku nthambi za ku Zomba, ku Mangochi ndi ku Mzuzu. A akaunti adzati ameneyu ndi kasitomala mmodzi, chifukwa ndalama imachokera malo amodzi. A malonda adzati ndi atatu, chifukwa manejala wa nthambi iliyonse amaoda payekha. Dalaivala alibe nazo ntchito zonsezo, akufuna kudziwa geti lotsitsira katundu. Onsewa akunena zoona, ndipo mapulogalamu a CRM ali ndi njira yake: likulu limakhala kholo, nthambi zimalembedwa pansi pake. Koma chisankho chimenechi si chanu nokha. Chipangidwe onse ali pompo, chilembedwe, ndipo akuluakulu asayinire. Inu ndinu wamng'ono pa ntchito. Pepala losayinidwa ndi limene lidzakuyankhulireni mkangano ukadzabuka.

Siyanitsaninso bizinesi ndi munthu. Golosale ndi ya mayi wina, amene amakhala pa kauntala ndi mphwawo, ndipo nambala imene ogulitsa wanu ali nayo ndi ya bambo a m'nyumbamo. Mukalemba zonsezi pa mzere umodzi, mphwawoyo akadzachoka simudzadziwa choti mufufute. Golosale ilembedwe payokha, anthu atatuwo payekhapayekha, aliyense ndi udindo wake: woitanitsa katundu, wolipira, mwini.

Tsono mudzamuzindikira ndi chiyani kasitomala aliyense? Dzina silingathandize. Aphiri, a Banda ndi a Mwale ali m'boma lililonse, ndipo sitolo zolembedwa mawu oti Chisomo kapena Madalitso mudzazipeza pa msika uliwonse. Nambala ya foni nayo ndi yosadalirika: ambiri ali ndi ziwiri, ya TNM ndi ya Airtel, ndipo foni ikabedwa ena amangogula nambala ina. Kampani yolembetsedwa ili ndi TPIN yochokera ku MRA, ndipo imathandiza kwambiri kugwira mayina obwereza, koma ogulitsa ang'onoang'ono ambiri alibe. Choncho perekani nambala yanuyanu kwa kasitomala aliyense, ndipo ngati a akaunti ali kale ndi manambala m'pulogalamu yawo, tengani omwewo kuti mabuku awiriwa azimvana. Nambalayo isakhale ndi tanthauzo. Ena amakonda kuyamba ndi LL kapena BT kuti izioneka mwanzeru, kenako kasitomala n'kusamuka ku Area 25 kupita ku Ndirande, nambala n'kumanama mpaka kalekale.

Apa ndiye ndikufuna mutchere khutu, chifukwa Excel yawononga deta yambiri mwakachetechete. Tsegulani fayilo ya CSV muone mzere wa mafoni. Nambala yoyamba ndi 088 kapena 099 mudzaipeza ziro wake atathawa, chifukwa Excel imaiona ngati chiwerengero. Imene inalembedwa kuyambira 265 ili ndi manambala 12, ndipo idzaoneka ngati 2.66E+11. Mukasunga fayiloyo ngati CSV ili choncho, manambala akumapeto apita, sadzabweranso. Musanachite chilichonse, sungani kope la fayilo yoyambirira pamalo pena ndipo musaligwire. Uzani kompyuta kuti mzere wa mafoni ndi mawu, osati chiwerengero. Kenako sankhani kalembedwe kamodzi, kuyamba ndi +265 popanda ziro ndi mipata, chifukwa ndi kamene mapulogalamu otumiza mauthenga amakamva mosavuta. Madeti nawo ali ndi msampha wawo. Kwathu 03/04/2025 ndi 3 April, koma pulogalamu yotcheredwa mwa chi America idzawerenga March 4, osadandaula n'komwe. Tsiku lolipira ngongole lasuntha mwezi wathunthu.

Mayina a malo musawasiye kuti aliyense azilemba mmene akufunira. M'fayilo imodzi mudzapeza Ntcheu ndi Ncheu, Chikwawa ndi Chikhwawa, Nkhotakota ndi KK, Lilongwe ndi LL. Kwa munthu ndi malo omwewo. Kwa kompyuta ndi malo osiyana, ndipo lipoti la malonda lidzatuluka ndi maboma oposa amene dziko lili nawo. Malawi ali ndi maboma 28. Aikeni pa mndandanda woti munthu azingosankhapo. Mzinda kapena msika ukhale m'kabokosi kena, apo ayi mudzakangana za Mzuzu, umene ndi mzinda wa m'boma la Mzimba. Koma kabokosi kamodzi kasiyeni komasuka: ka malangizo a njira. P.O. Box sinafikitsepo lole pakhomo pa munthu. Mawu oti "kuseri kwa chigayo, moyang'anana ndi mjigo" ndi amene amafikitsa, ndipo ngati ogulitsa anu ali ndi mafoni amakono, atenge GPS ataima pakhomo pa sitoloyo.

Mudzafuna kuti kabokosi kalikonse kakhale kokakamiza kudzaza. Dziletseni. Ogulitsa ali padzuwa ku msika, netiweki ikudukaduka, ndipo pulogalamu ikukana kusunga chifukwa palibe imelo ya mayi wa golosale amene alibe imelo. Adzalemba yabodza, kapena 0000, bola zidutse. Kabokosi kopanda kanthu kamakuuzani kuti simukudziwa. Kodzazidwa ndi bodza kamakunamizani kuti mukudziwa. Zokakamiza zikhale zochepa: dzina, foni imodzi, boma, mtundu wa kasitomala, ndi wogulitsa amene amamusamalira.

Za katundu ndingonena ziwiri. Gwirizanani muyeso: kodi "1" ndi paketi, dazeni, katoni kapena belo? Ndipo mtengo usalowe m'dzina la katundu. Uikidwe pa mndandanda wake wokhala ndi tsiku loyambira. Amene anali pa ntchito mu November 2023, kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene mitengo inasinthira usiku umodzi.

Pofika pochotsa mayina obwereza, pulogalamu idzakusonyezani awiriawiri ofanana ndi batani lowaphatikiza. Batani limenelo n'lokoma kukanikiza, koma kulekanitsa zimene mwaphatikiza n'kovuta, nthawi zina n'kosatheka. Sitolo ziwiri za dzina limodzi pa msika umodzi zitha kukhala za abale awiri amene sayankhulana, ndipo mukasenzetsa mmodzi ngongole ya mnzake mwataya onse. Kompyuta ikusonyezeni okayikitsa, koma wogamula akhale wogulitsa amene amapondako.

Ameneyu nthawi zambiri ndi bambo wachikulire wokhala ndi kope lachikuto cholimba, lakuda ndi thukuta m'mbali, momwe muli mayina a zaka zambiri. Musamuone ngati wotsalira. Sakufuna kupereka kopelo chifukwa akuopa kuti makasitomala akalowa m'kompyuta adzapatsidwa kwa wina, komishoni n'kupita, mwinanso ntchito imene. Manthawo si opusa. Pitani kwa iye nokha, osati kumutumizira fomu. Khalani naye pansi, mufunse kuti, "Bambo, sitolo iyi ndi yomweyi kapena ndi ina?" Musonyezeni pa sikirini dzina lake litalembedwa ngati mwini wa makasitomala ake. Akakhutira, adzakuuzani zimene fayilo ilibe: amene anatseka kalekale, amene anamwalira bizinesi n'kutsala ndi mwana, amene amalipira pokhapokha fodya akagulitsidwa.

Polowetsa, tsatirani ndondomeko: ogwira ntchito poyamba, kenako mabizinesi, kenako anthu a m'mabizinesimo, kenako katundu ndi mitengo. Mukayamba ndi anthu adzasowa pomangirira. Yesani kaye ndi mizere yochepa pa malo oyeserera, muitane a akaunti ndi a malonda adzaone ndi maso awo, kenako mulowetse zonse.

Kumbukiraninso kuti mayina ndi mafoni amenewa ndi a eni ake. Kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza deta ya anthu, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Nambala ya chiphaso cha unzika musatolere ngati ntchito sikuifuna. Mphamvu yokopera mndandanda wonse ikhale ndi anthu ochepa, ndipo fayilo ya makasitomala isayende pa WhatsApp, ngakhale atapempha ndi abwana ali pa ulendo.

Pulogalamu ikayamba kugwira ntchito, pakhale munthu mmodzi wodziwika, ndi womuthandiza akadwala, amene amavomereza kasitomala watsopano asanalowe m'kaundula. Aliyense akhale ndi ufulu wopempha, koma woyang'anirayo ayambe wafufuza ngati dzinalo mulibe kale. Kasitomala amene wasiya kugula musamufufute, chifukwa maoda ndi ngongole zake zakale zidzasowa mwini. Ingomulembani kuti sakugulanso, muike tsiku ndi chifukwa chake.