Mizere m'Sopo Wopanga Pamudzi: Kodi Imachokera Kuti?

Nyengo yokolola mtedza ikatha, mafuta amapezeka m'midzi yambiri, ndipo amai amene anaphunzira kupanga sopo amatulutsanso mabokosi ao. Njira imene ambiri amatsata ndiyo ija yosaphika: amasungunula soda wa kositiki m'madzi, nathira madziwo m'mafuta, natakasa kufikira zonse zitagwirana, natsanulira m'bokosi. Moto umangofunika posungunula mafuta olimba. Njirayi ndi yabwino ndithu, koma sopo akalowa m'bokosi mwini wake saonanso zimene zilikuchitika m'katimo kufikira tsiku lodula. Patsikulo wina apeza mizere yoyera, wina apeza mitsempha yonyezimira, winanso apeza madontho achikasu, ndipo onsewo amadabwa popeza anachita monga amachitira masiku onse.

Apa anthu amalakwa pawiri. Ine ndinaona mai wina atataya kudzala sopo wa bokosi lathunthu, mafuta amene anasunga miyezi itatu, chifukwa cha mizere imene inalibe choopsa chilichonse. Ndinaonanso wina amene sanalabadire mizere yake, napatsa ana ake sopoyo kuti asambe, ndipo wamng'ono anabwera kuchokera kubafa alikulira, khungu la m'khosi litafiira. Mizere ya amai awiriwa inali yoyera yonse, koma sinali mtundu umodzi.

Chimene chimachitika m'bokosi

Katswiri wina wa ku France, dzina lake Michel Eugène Chevreul, ndiye analongosola m'chaka cha 1823 kuti soda amagawa mafuta pawiri. Gawo lina limagwirana ndi sodayo nilisanduka sopo, ndipo gawo lotsala ndilo giliserini, yemwe uja amai amagula kusitolo kuti azidzola. Ntchito imeneyi imatulutsa kutentha, ndipo siithera m'ndowa yotakasira iai, imapitirira m'bokosi tsiku limodzi kapena awiri. Kuti ithe bwino pafunika kuti soda ndi mafuta akhale pa muyeso wake, ndiponso kuti dontho lililonse la madzi a soda likumane ndi mafuta ake. Pamene sizinakumane, kapena pamene mbali ina inauma msanga kusiya inzake, pamenepo ndi pamene pamatsala mzere.

Funso loyamba: kodi mzerewo ukutentha?

Musanafunse za maonekedwe, yambani mwadziwa ngati mu mzeremo muli soda wamoyo. Dikirani masiku atatu chidulireni sopo. Mukatero nyowetsani chala, mupake pa mzerewo mpaka patuluke kathovu, ndipo mukhudzitse kathovuko kunsonga ya lilime, nimutsuke m'kamwa pomwepo. Sopo wabwino amangowawa monga amawawira sopo aliyense. Koma sopo wa soda wamoyo amabaya lilime nthawi yomweyo ngati singano, ndipo munthu sakaika konse. Yesani pa mzere, muyesenso pamalo popanda mzere, kuti musiyanitse.

Koma mukaona timiyala toyera tonyezimira m'kati mwa sopo, kapena timaenje totuluka madzi oterera, musayese ndi lilime iai, ngakhale ndi chala chopanda golovesi. Ameneyo ndi soda weniweni, ndipo amasupula khungu.

Mzere wa soda umakhala woyera ngati choko, wouma, ndipo mpeni ukafikapo sopo amanyenyeka m'malo modulika. Nthawi zambiri umapezeka pansi pa bokosi ndi m'ngodya, pakuti madzi a soda amalemera kuposa mafuta ndipo amamira. Zoubweretsa ndi izi: soda amene sanasungunuke yense, kutakasa pakati pokha osapala m'mbali ndi pansi pa ndowa, kutsanulira msanga zisanagwirane, ndi kuyesa soda ndi kapu kapena chitini m'malo mwa sikelo. Cholakwa chotsirizachi ndicho chofala koposa. Soda wa timibulu ndi soda wa timapale sadzaza kapu mofanana, ndipo mafuta onse sadya soda mofanana. Pa kilogalamu 1 ya mafuta a ng'ombe ikani magalamu 135 a soda ndi magalamu 330 a madzi. Pa mafuta a mtedza ikani magalamu 130, pa mafuta a nsatsi 120, koma pa mafuta a kokonati 175. Muyeso wakale wa maaunzi 13 a soda pa mapaundi 6 a mafuta a nyama umagwirizana ndi umenewu. Miyeso iyi imasiyako dala mafuta pang'ono osadyedwa ndi soda, kuti sopo asamaume pakhungu. Tsono taonani: munthu akatenga muyeso wa kokonati naugwiritsa pa mafuta a mtedza, waonjeza magalamu 45 a soda pa kilogalamu iliyonse, ndipo sodayo alibe mafuta oti adye.

Tinenenso kuti soda wa kositiki si soda uja wothira m'thelere. Wa thelereyo sapanga sopo, ndipo wa kositikiyu mwana akameza amapsa kummero kwa moyo wake wonse. Musungeni m'chitini chotseka bwino, pamwamba, kutali ndi khitchini. Posungunula, thirani soda m'madzi pang'onopang'ono, osathira madzi pa soda, ndipo muchitire panja pakuti madziwo amatentha pafupi kuwira natulutsa mpweya wotsamwitsa. Takasani kufikira madzi atayera mbee, osatsala kanthu pansi.

Mizere ya nyengo yozizira

Uwu ndiwo mtundu umene umasokoneza ambiri, ngakhale odziwa ntchito, ndipo tiulongosole mofatsa. Mafuta a mtedza watsopano amapezeka m'miyezi ya June ndi July, imene ili miyezi yozizira koposa, makamaka m'madera okwera monga ku Dedza, ndi ku Thyolo ndi Mulanje kumene chiperoni chimakhala masiku angapo. Amai ambiri amasakaniza mafuta a mtedza ndi a ng'ombe, ndipo amachita bwino, popeza mtedza wokha umapanga sopo wofewa wochedwa kuuma, pamene mafuta a ng'ombe okha amapanga sopo wolimba wa thovu lochepa. Koma mafuta awiriwa sauma pamodzi. A ng'ombe amayamba kugwirana kutentha kukatsikira cha m'madigiri 40, a mtedza ali chiyenderere ngati madzi.

Tsono mai asungunula soda madzulo kuti azizire usiku, ndipo m'mamawa athira madzi ozizirawo m'mafuta ofunda. Mafuta a ng'ombe amagwidwa ndi chisanu nayamba kuuma okha, soda asanayambe ntchito yake. Patangopita mphindi zochepa zonse zimaoneka zolimba ngati phala, ndipo maiyo akondwa kuti lero ntchito yafulumira, natsanulira m'bokosi. Kumeneko ndiko kugwirana konyenga. Chimene chalimbacho si sopo, ndi mafuta ozizira chabe. M'bokosimo kutentha kukayamba, mafutawo amasungunukanso, koma palibenso wotakasa. Zikayenda bwino mupeza timadontho toyera ndi mizere yopyapyala yosalala ngati phula, imene siibaya lilime, ndipo sopoyo ndi wabwino kusamba. Zikaipa mupeza mafuta atayandama pamwamba ndi madzi a soda atatsika pansi.

Kugwirana koona kuli ndi zizindikiro zake. Sikubwera msanga: potakasa ndi mthiko pamapita theka la ora, ora lathunthu, kapena kupitirira apo ngati mafuta a mtedza achuluka. Msanganizo umakhala wosalala, wa mtundu umodzi, wopanda timibulu, ndipo ndowa imamveka yofunda mukaigwira kunja. Mukatukula mthiko ndi kudontheza pamwamba, dontholo limasiya njira yooneka isanamire. Ngati mukukaika, pitirizani kutakasa mphindi khumi. Kugwirana konyenga kumasungunukanso kukhala kwamadzimadzi, pamene koona kumapitirira kulimba.

Kupewa kwake nkosavuta. Sungunulani mafuta a ng'ombe mpaka ayere ngati madzi, pasatsale kamtambo koyera m'kati mwake, pakuti kamtamboko ndiko kamadzasanduka madontho. Mafuta a ng'ombe okha akhale pa madigiri 50 ndi madzi a soda pa 35. Ngati mwasakaniza ndi a mtedza, mafutawo akhale cha pa 40. Wopanda choyesera kutentha agwire kunja kwa ziwiya: cha soda chimveke chofunda ngati thupi la munthu, cha mafuta chipose pamenepo pang'ono. Ndipo m'nyengo yozizira yambani ntchito dzuwa litakwera, pamalo posaomba mphepo. Madzi okatunga ndi zina zapakhomo zidikire, chifukwa mai amene asiya mthiko pakati kuti akaone mphika pamoto amapeza pansi pa ndowa patauma kale.

Mizere ya kutentha, ndi ufa wa pamwamba

M'mwezi wa October, makamaka kuchigwa cha Shire monga ku Chikwawa ndi Nsanje, vuto limatembenuka. Sopo amatentha kwambiri m'bokosi, nafewa ngati uchi, ndipo pozizira pang'onopang'ono mbali zina zimauma patsogolo pa zina. Podula mupeza mitsempha yoonekera kuwala, yokhotakhota ngati ming'alu ya dambo louma. Imaonekera kwambiri mwa sopo wothira mtundu ndi wochuluka madzi. Nthawi zina pakati pa mtanda uliwonse pamakhala bwalo lodera, m'mbali muli moyera, chifukwa kutentha kunafika pakati pokha. Zonsezi zilibe choopsa, ndipo iyi ndiyo inali mizere ya mai uja anataya bokosi lake. Iye anafunditsa bokosilo mabulangete awiri monga anachitira m'mwezi wa June. M'nyengo yotentha nsalu imodzi ikwanira, bokosi likhale pamthunzi, ndipo madzi muchepetse kufika magalamu 280 pa kilogalamu ya mafuta.

Ufa woyera wonga phulusa umene umamera pamwamba pa sopo usakudetseni nkhawa. Umabwera pamene soda wa pamwamba akumana ndi mpweya asanathe ntchito yake. Palani ndi mpeni kapena pukutani ndi nsalu yonyowa. Kuvundikira bokosi ndi pepala la pulasitiki masiku awiri oyamba kumauchepetsa.

Ena amafunsa za sopo wochapira wa m'sitolo uja wa mizere yabuluu, kuti nanga iyeyo bwanji. Imeneyo ndi mizere yochita kufuna, ya mtundu umene opanga amathiramo. Koma inu mukathira mtundu kapena mafuta onunkhira sopo atalimba kale, mudzapeza mizere yosafuna. Sakanizani mtundu ndi mafuta pang'ono poyamba, nimuthire pamene kugwirana kwangoyamba.

Mizere yachikasu, yofiirira ndi yotuwa

Iyi imaloza ku mafuta kapena ku chiwiya. Mizere yofiirira imene ioneka tsiku lodula lomwelo ndi zotsalira za magazi ndi nyama m'mafuta osatsuka. Mafuta a ng'ombe mukawasungunula ndi kuwasefa pansalu, awiritseninso ndi madzi ochuluka monga mafutawo, muwasiye agone, ndipo m'mawa mutukule chigumu cholimbacho ndi kupala zakuda zonse za pansi pake. Akakhala akuda kwambiri bwerezani kawiri.

Madontho achikasu amene amabwera patapita milungu, pamodzi ndi fungo la mafuta okhalitsa, amasonyeza kuti mafuta otsala m'sopo ayamba kuonongeka. Mafuta a mpendadzuwa ndi a mtedza amatero msanga kuposa a ng'ombe, makamaka akakhala akale kapena okazingira kale. Dzimbiri ndi mkuwa zimafulumiza kuonongekako, chifukwa chake musayanike sopo pa malata kapena pa waya wadzimbiri, ndipo madzi a mvula osefa ndi abwino kuposa a pachitsime a mchere. Sopo wotere satentha khungu, koma sakomanso kusamba. Dulani madonthowo, wotsalayo muchapire msanga.

Mizere yotuwa kapena yakuda imachokera ku poto wa aluminiyamu kapena ndowa ya malata. Soda amadya ziwiya zimenezi, ndipo mumataya sopo ndi poto yemwe. Takasirani m'ndowa ya pulasitiki yokhuthala kapena m'chiwiya cha chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo mthiko wa sopo usabwererenso ku nsima.

Kukonza sopo amene wabaya lilime

Sopo wa soda wamoyo asagulitsidwe, ndiponso asapatsidwe ana, koma sayenera kutayidwa. Kumuyanika milungu inai kapena isanu ndi umodzi, monga timachitira ndi sopo yense, kumaumitsa madzi koma sikuchotsa timiyala ta soda tobisika m'kati. Afunika kuphikidwa.

Valani magolovesi ndi magalasi. Duladulani sopoyo tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo ngati anapatukana musataye mafuta a pamwamba kapena madzi a pansi, zonse zilowe mumphika, pakuti zonsezo zinali pa muyeso. Thirani kapu imodzi ya madzi pa kilogalamu iliyonse ya sopo wouma, koma wa masiku awiri kapena atatu afuna theka lake. Ikani mphikawo m'kati mwa mphika wina waukulu wa madzi owira, kuti sopo asapserere, nimuvundikire ndi kumatakasa nthawi ndi nthawi. Patapita ora limodzi kapena awiri zidzasanduka ngati phala lolimba lonyezimira. Tapani pang'ono, muziziritse, muyese ndi lilime. Ngati akubayabe, ndiye kuti soda anachuluka pa muyeso: thirani masipuni akulu awiri a mafuta pa kilogalamu iliyonse, muphikenso theka la ora, muyesenso, ndi kubwereza chomwecho mpaka kubaya kutatha. Mukatero tsanulirani m'bokosi, mugwedeze pansi kuti mpweya utuluke.

Sopo wokonzayu sakhala wosalala ngati woyamba, ndipo ine ndimalangiza kuti akhale wochapira zovala ndi kutsukira mbale. Pa ntchito yonseyi pakhale ndowa ya madzi oyera pafupi. Soda akagwera pakhungu tsukanipo ndi madzi ambiri kwa mphindi 20. Akalowa m'diso tsukani chimodzimodzi, nimupite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mwana akameza musamusanzitse, thamangani naye kuchipatala mutanyamula chitini cha sodacho kuti adokotala aone chimene wameza.