Dzino limodzi la sipuloketi: mmene mungachepetsere kukuwa kwa injini pa tala

Aliyense amene amachoka ku Mponela m'mawa pa njinga yamoto kukagwira ntchito ku Lilongwe amadziwa zimene zimachitika akangolowetsa giya yomaliza pa M1. Liwiro likafika pa 80, injini imakuwa ngati ikupempha giya ina, koma phazi likaponda limapeza kuti magiya atha. Mahandulo amanjenjemera, galasi loonera kumbuyo silionetsanso kanthu, ndipo pofika pa Kanengo zala zimakhala zitachita dzanzi. Njingayo siinawonongeke ayi. Njinga za 125cc ndi 150cc zimene zadzaza m'misewu mwathu, monga Boxer ndi Lifan, anazikonza kuti zizinyamuka ndi katundu komanso kukwera zitunda. N'chifukwa chake pa msewu wautali wa tala injini zake zimazungulira kwambiri. Kusintha sipuloketi kumathandiza, bola mudziwe kuti mukuchita msintho. Mukupereka mphamvu ya pachitunda kuti mupeze mtendere wa pa tala.

Musanagule kanthu, werengani mano. Masulani chivundikiro cha sipuloketi yaing'ono kumanzere kwa injini, mupukute girisi wakuda uja ndi kansanza konyowetsa parafini. Nthawi zambiri nambala imakhala yodindidwa pachitsulopo, monga 14T. Ngati yafufutika, chongani dzino limodzi ndi choko n'kuwerenga mozungulira mpaka mutabwerera pomwe munayambira. Teroninso ndi yakumbuyo. Musadalire zimene anakuuzani amene anakugulitsani njinga, chifukwa njinga yogula kwa munthu imakhala itadutsa m'manja ambiri.

Tsopano tengani foni muwerengetse. Gawani mano akumbuyo ndi mano akutsogolo. Tiyerekeze kuti mwapeza 14 kutsogolo ndi 42 kumbuyo: yankho ndi 3, kutanthauza kuti sipuloketi yaing'ono imazungulira katatu kuti tayala lizungulire kamodzi. Mukaika ya mano 15, yankho limatsika kufika pa 2.8, ndipo injini imazungulira mocheperapo ndi pafupifupi 7 peresenti pa liwiro lomwelo. Ngati pa 80 inkazungulira maulendo 7,000 pa mphindi, tsopano izizungulira pafupifupi 6,530. Njinga zambiri zotere zilibe wotchi yoonetsa kuzungulira kwa injini (rpm), choncho limvereni ndi khutu: kulira komwe munkakumva pa 75 ndi komwe muzikumva pa 80. Zikuoneka zazing'ono papepala, koma pa ulendo wa makilomita oposa 50 m'mawa ndi madzulo, manja amadziwa kusiyana kwake.

Mungathenso kufika pomwepo pochepetsa yakumbuyo. Kuchoka pa 42 kufika pa 39 kumapereka 2.79, pafupifupi chimodzimodzi ndi kuonjezera dzino limodzi kutsogolo. Ine ndimati yambani ndi yakutsogolo. Ndi yotsika mtengo, simuchotsa tayala, ndipo ngati simukhutira mumabwezeretsa yakale ola lisanathe. Yakumbuyo ubwino wake ndi wakuti mutha kusintha pang'onopang'ono, dzino limodzi kapena awiri, ngati 15 wakukulirani.

Apa ndi pamene ambiri amapsa. Akaona kuti 15 wachita bwino amathamangira 16, poganiza kuti njinga ithamanga kuposa kale. Ndi 16 kutsogolo ndi 42 kumbuyo, kuzungulira kwa injini kumatsika ndi 12.5 peresenti, ndipo mphamvu yofika ku tayala pa giya iliyonse imatsika chimodzimodzi. Sipuloketi siionjezera mphamvu ya injini. Mphepo ndiyo mdani wamkulu pa tala: kuti muwirikize liwiro kawiri, mphamvu yolimbana ndi mphepo imafunika kasanu ndi katatu. Kainjini ka 150cc kalibe mphamvu yosungira padera. Ndinaziona ndekha mwezi wa June wina nditayesa 16. Mwera unkaomba kumaso polowera ku Lilongwe, ndinapotokola mafuta mpaka pamapeto, koma njinga inkangoti buu osapita, moti pa kachitunda kalikonse ndinkatsitsa giya. Kukuwa kuja kunabwerera, petulo n'kumatha kuposa kale. Kilatchi nayo imavutika ponyamuka, chifukwa mumaigwira theka nthawi yaitali. Choncho ngati ndinu wa kabaza, mumanyamula munthu ndi thumba lake la chimanga, kapena njira yanu ndi ya zitunda ngati kuchoka ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, siyani sipuloketi mmene ilili. Malangizo awa ndi a munthu woyenda yekha ndi kachikwama pamsana pa msewu wosakwera kwambiri.

Popita kukagula, nyamulani sipuloketi yakaleyo m'thumba. Yatsopano iyenera kufanana nayo pa timizere ta pakati polowa shafiti, pa mabowo a mabawuti ndi pa kukhuthala. Ifananenso ndi tcheni chanu. Njinga zazing'ono zambiri zimayendera tcheni cha 428, chimene mapini ake amatalikirana mamilimita 12.7, pomwe zazikulu zimayendera 520 cha mamilimita pafupifupi 15.9, ndipo ziwirizi sizilowana. Yang'ananinso tcheni chimene muli nacho. Chikokeni chammbuyo pakati pa sipuloketi yaikulu. Chikanyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino, chatha. Mano akakhala osongoka kapena opindika ngati mbedza, athanso. Zikatero gulani zonse zitatu pamodzi, chifukwa tcheni chotambasuka chimadya sipuloketi yatsopano msanga.

Ntchito yeniyeni siivuta. Zimitsani injini, muchotse kiyi n'kuika m'thumba. Izi ndikunena motsindika: tcheni chozungulira chimadula zala, ndipo palibe chifukwa cholizira injini manja ali pafupi. Masulani mabawuti a sipuloketi yaing'ono tcheni chikadali pamalo pake, mnzanu ataponda buleki yakumbuyo kuti shafiti isazungulire. Pa njinga zambiri zazing'ono pamakhala kachitsulo kophwatalala komangidwa ndi timabawuti tiwiri: mukatimasula, tembenuzani kachitsuloko pang'ono kuti timano take tilunjike ndi mizere ya shafiti, katuluka. Zina zimakhala ndi nati imodzi yaikulu yotsekedwa ndi washala wopindidwa, amene muyenera kumuwongola kaye. Kenako imikani njinga pa sitandi yapakati, masulani nati ya ekiselo yakumbuyo, bwezani zokokera tcheni mbali zonse ziwiri, ndipo kankhirani tayala kutsogolo kuti tcheni chikhwepe. Vulani sipuloketi yakale mutaona mbali imene inayang'ana kunja, muike yatsopano chimodzimodzi.

Musanamange, zunguzani tayala ndi dzanja muone ngati tcheni sichikukhuza chitsulo cha injini kapena mawaya odutsa pamenepo. Sipuloketi ya 15 ndi yotakata pang'ono, ndipo pa njinga zina mpata umakhala wochepa. Ikakhuza, musaseme chitsulo cha injini. Bwezeretsani yakale, musinthe yakumbuyo.

Dzino limodzi kutsogolo limasendeza tayala chamtsogolo ndi mamilimita atatu okha pa tcheni cha 428, choncho tcheni chomwecho chimakwanira. Kuchotsa mano atatu kumbuyo kumalibweza pafupifupi sentimita imodzi, ndipo ngati zokokera zinali kale kumapeto, mudzafunika kufupikitsa tcheni. Mukatsegula polumikizira, kumbukirani kuti mbali yotseka ya kakilipi kake imayang'ana komwe tcheni chikupita. Kokani tcheni mofanana mbali zonse, mukuwerenga timizere ta pa foloko yakumbuyo. Pakati pake chizisewera mamilimita 20 mpaka 30, kapena mmene buku la njinga yanu likunenera, ndipo pimani pamalo pomwe chathina kwambiri. Chothinitsitsa chimawononga beringi ya shafiti, ndipo kukonza kumeneko n'kotsegula injini. Mangani ekiselo molimba. Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale amakaniko ena amaiwala: tayala likasuntha, buleki ya ndodo imasinthanso. Tembenuzani nati ya kumapeto kwa ndodoyo mpaka chopondera chizigwira pomwe munazolowera, muonenso ngati nyali ya buleki ikuyaka.

Za wotchi ya liwiro, ngati waya wake ukuchokera ku tayala lakutsogolo, palibe chasintha. Ngati imawerenga kuchokera ku magiya, iziwerenga mochepa kuposa mmene mukuthamangira, ndipo apolisi a pamsewu sadzamva za sipuloketi. Iyerekezeni ndi GPS ya pafoni.

Yendani nayo mlungu wathunthu pa njira yanu yomweyo, tsiku la mphepo ndi tsiku labata. Dzazani thanki, lembani makilomita, mudzazenso, kuti mudziwe zoona za petulo m'malo mongoganizira. Tcherani khutu pa giya yomaliza. Ngati njinga ikugwira 80 popanda kupotokola mafuta mpaka pamapeto, ndipo ikutha kuonjezera liwiro mukafuna kudutsa thiraki, mwapeza poyenera. Ikamagogoda kapena kukana chitunda chimene kale inkakwera osatsitsa giya, mwapitirira. Pimaninso tcheni ndi mabawuti mutayenda masiku awiri oyamba. Sipuloketi ya 14 ija musataye. Ipakeni oilo, muikulunge m'kansanza, chifukwa nthawi yokolola ikafika n'kuyamba kututa matumba kuchokera kumudzi, mudzaifunanso.