Kodi filimu ingathandize mayi woyembekezera?

Funso: Mwana wanga ali ku America ndipo ndi woyembekezera. Wandiuza kuti ndionere filimu yotchedwa Aftershock, akuti ikunena za amayi akuda omwalira pa uchembere. M'dziko lolemera ngati limenelo, zoona? Nanga filimu ingasinthe chiyani?
Mayi wa ku Zomba

Yankho: N'zoona, mayi. Bungwe loona zaumoyo ku America la CDC linapeza kuti mu 2021, pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi akuda pafupifupi 70 anamwalira, pomwe azungu anali pafupifupi 27. Ngakhale chuma sichiteteza: katswiri wa tenisi Serena Williams atabereka mu 2017, anachita kuumirira kuti amupime, ndipo anamupezadi ndi magazi oundana m'mapapo.

Filimuyi inatuluka mu 2022, anaikonza ndi Tonya Lewis Lee ndi Paula Eiselt. Imafotokoza za amayi awiri a ku New York, wina anamwalira mu 2019, wina mu 2020. Onse anadandaula kuti sakupeza bwino, koma sanamvedwe. Kamera imatsatira abambo otsala ndi makanda m'manja, akulira, kenako akuyenda m'misonkhano kufuna chilungamo. Manambala munthu amaiwala msanga, koma nkhope ya bambo woteroyo ine sindinaiiwale, ndipo ndikufuna dokotala aliyense aione.

Mwana wanuyo asamapite yekha kuchipatala, pakhale wina womulankhulira. Akamabanika, mutu ukamamupweteka kwambiri kapena akatupa nkhope, ngakhale atachira kale, abwerere msanga ndipo aumirire kuti amupime.