Ndani adzakwera chombo cha Luffy?

Funso: Ndimawerenga One Piece, ndipo anzanga akuumirira kuti wotsatira kulowa m'gulu la Luffy ndi Yamato. Inu mukuona bwanji?

Yankho: Ine ndikuti ndi Vivi, mwana wa mfumu ya Alabasta. Eiichiro Oda atayamba nthanoyi mu 1997, Luffy ananena m'mutu woyamba kuti akufuna anthu pafupifupi 10. Jinbe atalowa m'gululi ku Wano, anzake a Luffy anakwana 9, choncho malo amodzi akadalipo. Tsono taonani mmene Oda amasankhira anthu. Amene amakwera chombochi amakhala atataya chinthu chachikulu: Nami anaferedwa Bell-mère amene anamulera, Robin anaona chilumba cha Ohara chikupserera. Vivi anatsala pagombe la Alabasta akulira, Luffy ndi anzake atamufulatira, manja ali m'mwamba kuonetsa chizindikiro cha X, chifukwa dziko lake linkamufuna. Pambuyo pake bambo ake, Cobra, anaphedwa ku Mary Geoise, Vivi anathawa ndi Wapol, ndipo zaululika kuti banja la Nefertari nalonso lili ndi dzina la D. ngati Luffy. Chimene chinamugwira mwendo ku Alabasta chinasweka.

Anzanuwo sakulakwa kukonda Yamato, mphamvu ali nazo zedi. Koma mpata anali nawo mu 2022, ndipo anasankha yekha kutsala ku Wano. Ena amati Vivi sadziwa nkhondo ndipo alibe ntchito m'chombo. Kodi Usopp analowa ali ngwazi? Nthano ikulowera ku mkangano ndi Boma la Dziko Lonse, ndipo gululi lilibe munthu wodziwa kulankhula ndi mafumu ngati Vivi. Auzeni anzanuwo ayang'ane kwa Vivi.