Musafulumire Kunena Kuti Ndi Mbuli

M'chaka cha 1896, dokotala wa ku Seaford ku England, W. Pringle Morgan, analemba m'magazini ya British Medical Journal za mnyamata wa zaka 14 dzina lake Percy. Anali wochangamuka, masamu sankamuvuta, koma timawu tatifupi tinkamupunthwitsa powerenga. Dzina lake lomwe ankatha kulilemba kuti Precy. Aphunzitsi ake anavomereza kuti maphunziro akanakhala apakamwa pokha, palibe akanamuposa. Vutoli limatchedwa dyslexia: ubongo umavutika kulumikiza chilembo ndi liwu lake. Si ulesi, si kulodzedwa.

Percy anayamba kuphunzitsidwa ali ndi zaka 7. Werengani nokha zaka zimene zinapita akulimbana naye, asanadziwe chomwe chikumuvuta. Kodi inu ndi mwana wanu mwadikira zingati?

Kuno ku Ntengo-Wambalame, m'chigawo cha Tete, vutoli lili ndi pobisala pabwino. Mwana amakula ndi Chinyanja, m'buku n'kukumana ndi Chipwitikizi. Akalephera timangoti, "N'chilankhulochi, adzazolowera." Anzake amazoloweradi, iye ayi. Akabwereza kalasi kawiri timasintha nyimbo: "Uyu mutu wake ndi wouma." Kenaka timamupatsa khasu akalime kachewere, nkhani yatha. Apa ndi pamene timamuphera tsogolo, ndipo timatero ndi mtima woyera, poganiza kuti tamuthandiza.

Chipwitikizi chimavutadi. N'chifukwa chake boma linayesa pulojekiti ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, ana ena a ku Tete n'kuyamba sukulu m'Chinyanja. Koma dyslexia imamutsatira mwana ngakhale m'chilankhulo cha amayi ake, ndipo pamenepo ndi poyesera.

Kodi munayamba mwakhala naye pamphasa awiriwiri? M'kalasi yodzaza, onse akamakuwa ba be bi bo bu, iye amangotsata pakamwa pa anzake ngati nyimbo. Mulembereni pansi "gule" ndi "galu", mumulozere mosinthasintha. Muuzeni awombe m'manja pa phatikizo lililonse la mawu akuti "chimanga". Mufunseni liwu loyamba la "fodya". Ngati akungolota, ngati mawu amene anawadziwa dzulo lero ndi achilendo, pomwe nthano ndi zilapi amazisunga zonse m'mutu, tcherani khutu. Kusokoneza b ndi d n'kwachibadwa kwa oyamba kumene, koma kukapitirira mpaka kalasi yachitatu musakunyozere. Nanga m'mimba momupweteka m'mawa wa sukulu mokha? Nanga amalume ake aja, katswiri pa malonda amene kalata amawerengetsa ena? Vutoli limayenda m'magazi.

Chikwapu chisiyeni. Yambani mwapita naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu. Kenaka kaonaneni ndi aphunzitsi ake, muwapemphe amukhazike kutsogolo ndiponso asamamuwerengetse mokweza pamaso pa anzake omuseka. Kunyumba, tsiku lililonse kanthawi kochepa, tengani liwu limodzi lokha: alitchule, alilembe ndi chala pamchenga, aliumbe ndi dongo. Mawa mubwerezenso lomwelo musanaonjezere lina.