Wodwala Chizungulire Asamangogona

Mukapita kukazonda wodwala chizungulire, kawirikawiri mumampeza ali gone pamphasa, atafunda chitenge kumutu. A pabanja amakuuzani kuti, "Tawaletsa kudzuka agogo, angagwe." Amatero chifukwa chowakonda. Masiku awiri kapena atatu oyamba, pamene munthu akuona ngati nyumba ikuzungulira ndipo akusanza, kugona n'koyenera ndithu. Koma masabata akamapita munthu ali chigonere, chizungulire chimakhalitsa, miyendo imafooka, ndipo tsiku lodzuka amagwadi. M'phunziro lino tiona chifukwa chake.

Mafuwa atatu

Mphika umakhazikika pa mafuwa atatu. Thupi nalo limaima bwino chifukwa cha zinthu zitatu: maso, mapazi ndi mfundo za miyendo zimene zimamva pomwe mwaponda, ndiponso kachiwalo kobisika mkati mwenimweni mwa khutu. M'khutu lililonse muli timipaipi titatu tokhota todzaza madzi. Mukatembenuza mutu madziwo amasuntha, ndipo mtsempha umauza ubongo kumene mutu walowera. Khutu limodzi likadwala, uthenga umasemphana. Khutu likuti mukuzungulira, maso akuti mwangokhala. Chizungulire ndi mseru zimabwera chifukwa cha kusemphana kumeneku.

Ubongo umatha kuzolowera ndi kuyamba kudalira khutu labwino, maso ndi mapazi. Koma umaphunzira pokhapokha mutu ukamayenda. M'zaka za m'ma 1940, madokotala awiri a ku London, Terence Cawthorne ndi Frank Cooksey, anaona kuti anthu ovulala m'mutu amene ankayendayenda ankachira msanga kuposa amene ankagona. Iwo anakonza masewera oyendetsa maso, mutu ndi thupi, ndipo zimene a physio amaphunzitsa lero zinayambira pamenepo.

Yambani mwapita kukliniki

Chizungulire china sichichokera m'khutu. Kuchepa kwa magazi, shuga, pathupi, ndi mankhwala ena a BP zimachititsa munthu kuona mdima akadzuka mofulumira. Zimenezi zili ndi chithandizo chake, ndiye akakuyezeni kaye. Ndipo ngati chizungulire chabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kukhota kwa pakamwa, lilime kulemera, kuona zinthu ziwiriziwiri, dzanja kapena mwendo kufooka, mutu kupweteka koopsa, kapena munthu kulephera ngakhale kukhala tsonga, musadikire kuti kuche. Ikhoza kukhala sitiroko. Pezani galimoto nthawi yomweyo.

Pali mtundu umodzi umene ndikufuna muudziwe bwino, chifukwa umavutitsa amai ambiri achikulire koma chithandizo chake n'chachidule. Munthu akatembenuka pogona, akawerama, kapena akayang'ana kudenga, zinthu zimazungulira kwambiri kwa kanthawi kosafika mphindi imodzi, kenaka zimaleka. Madokotala amautchula kuti BPPV. M'khutu muli timiyala tating'ono kuposa mchenga, ndipo tikachoka pamalo pake n'kulowa m'kampaipi kamodzi, timavundula madzi aja. Mu 1992 Dr John Epley wa ku America anafalitsa njira yotibwezera. Wodwala amamgoneka chagada n'kumtembenuza mutu ndi thupi pang'onopang'ono motsatira dongosolo, ndipo timiyala timabwerera kwawo. Ambiri amapeza bwino akachitidwa kamodzi kapena kawiri. Musayesere nokha kunyumba, makamaka kwa munthu wodwala khosi. Funsani a physio, amene amapezeka m'zipatala zazikulu monga UTH ku Lusaka ndi Chipata Central Hospital.

Masewera a kunyumba

Adokotala akatsimikiza kuti vuto lili m'khutu ndipo akuvomerezani, ntchito yaikulu imachitikira pakhomo. Lembani chilembo chachikulu papepala, mulimate pakhoma. Wodwala akhale pampando, pepalalo litalikire ngati kutalika kwa mkono wake. Maso akhale pachilembo, mutu uziyenda kumanja ndi kumanzere monga munthu amene akukana, kwa mphindi imodzi. Kenaka m'mwamba ndi pansi monga akuvomera. Chilembo chikayamba kusaoneka bwino, achepetse liwiro. Achite zimenezi katatu kapena kupitirira pa tsiku. Akazolowera azichita ataimirira.

Apa ndi pamene ambiri amalekera. Masewera amenewa amadzutsa chizungulire pang'ono, ndiye wodwala amati akundidwalitsa, a pabanja n'kumugonekanso. Mumuuziretu kuti kachizungulire kameneka ndiko kamene kakuphunzitsa ubongo. Kayenera kutha akapuma mphindi 15 kapena 20. Kakapitirira, kapena akasanza, mawa achepetseko, koma asaleke.

Za miyendo, aime pafupi ndi khoma ataphatikiza mapazi, inu muli pambali pake. Pakapita masiku aike phazi lina kutsogolo kwa linzake, kenaka ayese atatsinzina. Aziyenda pabwalo akuyang'ana uku ndi uku, poyamba pouma, pambuyo pake pamchenga. Musamulande ntchito zonse. Kusesa pakhonde, kusankha nyemba ndi kuyanika zovala zonse zimayendetsa mutu. Kwa khutu limodzi, ambiri amaona kusintha pakatha masabata 4 mpaka 6.

Chenjerani ndi mapiritsi oletsa chizungulire ndi kusanza monga Stemetil ndi Stugeron. Ndi othandiza pa masiku oyamba aja. Akamwedwa masabata ambiri amagonetsa ubongo, ndipo umachedwa kuzolowera. Chizolowezi chathu chogawana mapiritsi otsala, kuti "ine anandithandiza amenewa," pano chimawononga.

Amene analandira jekeseni za TB

Kale odwala TB yobwereranso ankabayidwa jekeseni ya streptomycin tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, ndipo a TB yosamva mankhwala ankabayidwa kanamycin. Mankhwala amenewa anapulumutsa anthu, koma mwa ena anaononga mkati mwa makutu onse awiri, ndipo zoonongekazo sizibwerera. Mu 2018 bungwe la WHO linalangiza kuti kanamycin alekedwe pa TB yotere, ndipo masiku ano chithandizo chambiri ndi cha mapiritsi. Koma amene anabayidwa zaka zimenezo tikadali nawo m'midzi ndi m'makomboni. Akamayenda amaona zinthu zikudumphadumpha, amadzandira, ndipo anthu amawanena kuti aledzera m'mawa. Mukamva miseche yotere musaipitirize. Kafunseni mwini wake mwaulemu mankhwala amene analandira.

Kwa iwo fuwa limodzi linachoka, ndiye atsala ndi maso ndi mapazi. Masewera omwe aja amawathandiza, ngakhale amatenga miyezi. Mdima ndiwo umawavuta kwambiri, chifukwa usiku maso nawo sathandiza. Pokawaona, yendani nawo njira ya kuchimbudzi, muchotse miyala ndi zitsa, ndipo muone ngati ali ndi tochi pafupi ndi pogona. Asiye mapatapata, avale nsapato zogwira chidendene. Ndodo asachite nayo manyazi. Kutunga madzi pachitsime chosatseka ndi kuwoloka mtsinje nthawi ya dzinja asachite okha, chifukwa munthu wotere akagwera m'madzi sadziwa kumene kuli kumwamba.